Sunatulukebe mu Nebraska

Crumlin, Dublin 12
14 Okutobala 2024

Okondedwa a Cuthbert,

Usadabwe ndi ulemu uli pamwambawu. Ndayamba choncho chifukwa ndamva kuti masiku ano ndiwe bwana wa mathiraki awiri, ndipo mabwana salemberedwa ngati ana. Koma dzanja langa lakana kupitiriza. Ndinakupukuta mamina ine, ndinakuchapira matewera, ndiye kuyambira apa mpaka pansi ndiwe iwe basi.

Za moyo sindikufunsa. Ndikudziwa kuti uli bwino, chifukwa mkazi wako Dyness amaika zithunzi zanu pa Facebook sabata iliyonse, ndipo mimba yako sikuoneka ngati ya munthu wovutika. Kalatayi ndaitumiza ku yadi kumene umaimika thiraki, osati kunyumba kwako, chifukwa ndikufuna uiwerenge wekha ndi maso ako, osati Dyness akusankhire zoti umve. Ndikanakuimbira foni, koma unandibuloka mu Ogasiti, ndipo ukaona nambala ya mlamu wako Joel suyankha. Ndiye ndagula envulopu ndi sitampa ngati munthu wakale. Nkhani yake ndi ya amayi, ndipo nthawi imene uli nayo yoti uyankhe ikutha Lamlungu loyamba la Novembala. Werenga mpaka kumapeto ngakhale penapake pakuwawe.

Ndiyambe ndakukumbutsa mmene tinkagwirira ntchito, popeza zikuoneka kuti unaiwala. Utagula thiraki yako yoyamba ku Indiana, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, unandiimbira foni. Unati kumeneko chigawo chilichonse chimafuna msonkho wakewake pa dizilo amene thiraki yawotcha m'misewu yake. Unati miyezi itatu iliyonse uyenera kulembera boma kuti mu Ohio unayenda mamailosi angati, mu Iowa angati, ndiponso kuti dizilo unagula kuti ndi kuti. Ukalakwitsa amakulipiritsa chindapusa, ukamachedwachedwa amatha kukulanda chilolezo, kachomata ka chilolezocho kapachitseko cha thiraki n'kusanduka chokongoletsa chabe. Iwe masamu unasiyana nawo ku Fomu 2. Unati, "Achemwali, ndithandizeni, ndifa ine." Masiku amenewo ndinali achemwali.

Buku unakana, unati sungalembe manja ali pa chiwongolero. Ndiye tinapangana njira yathu. Ukangodutsa chikwangwani cha malire, unkatumiza voisi pa WhatsApp, kutchula chigawo chimene walowa ndi nambala imene mita ya thiraki ikuwerenga. "Ndalowa mu Illinois, four eight one, two two six." Basi. Moni panalibe, mwadzuka bwanji panalibe. Kumbuyo kwa mawu ako kunkamveka injini, nthawi zina wailesi, nthawi zambiri iweyo ukutafuna. Ine m'mawa, ndisananyamuke kukasambitsa nkhalamba za eni dziko ku Citywest, ndinkakhala pa tebulo la kukhitchini ndi laputopu, n'kumachotsera nambala ya malire awa ku nambala ya malire otsatira kuti ndipeze mtunda wa chigawo chilichonse. Malisiti a dizilo unkawajambula chala chako chitaphimba magaloni. Ukaiwala kutumiza pa malire ena, ndinkatsegula mapu n'kuyeza msewu ndekha. Lero msewu wa I-80 ndimaudziwa kuposa wopita kwathu ku Ntcheu, ine munthu amene sindinapondeko ku America. Sindinakulipiritsepo kanthu, ndipo sindikuyamba lero.

Chimene sunkachidziwa, kapena sunkafuna kuchidziwa, n'chakuti pa tebulo paja sindinkakhala ndekha. Amayi atabwera kuno, mutu wawo utayamba kutaya zinthu, ankadzuka nane limodzi n'kukhala moyang'anizana nane atafunda bulangete. Poyamba ankangomvera. Kenako anayamba kufunsa okha kuti, "Wafika pati mwana?" Ndikawatsegulira voisi ankalemba chizindikiro cha mtanda n'kunena Tikuoneni Maria mmodzi pa malire alionse. Akamaliza ankati, "Wadutsa," ndipo pamenepo m'pamene ankagwira kapu ya tiyi.

Ndinayesapo kuwafotokozera.

"Amayi, kumeneko si mayiko ayi. Ndi dziko limodzi, zigawo chabe. Kulibe chipata, kulibe msilikali, kulibe wodinda pasipoti. Kuli chikwangwani basi, ngati pochoka m'boma la Ntcheu kulowa la Balaka."

"Nanga msonkho amawalipiritsiranji?"

"Ndi lamulo la kumeneko."

"Kumene akulipiritsa msonkho pali malire, ndipo pa malire pamakhala mfuti. Usandiphunzitse za malire iwe. Ndinakwatiwa ndi dalaivala ine."

Ndinawasiya. Sizinkapweteka munthu, ndipo zinkawapatsa chifukwa chodzukira.

Za abambo iwe umangomva, unali kumbuyo ukuyamwa chala. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkapita ndi amayi kukafunsa za iwo. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique mathiraki ankadutsa njira ya Tete atandandalikana, asilikali ali patsogolo. Akazi a madalaivala ankapita ku depoti kukafunsa kalaliki wa pazenera, iye n'kuyang'ana pa bolodi: uje walowa mu Mozambique pa malire a Zobue, uje watuluka tsidya linalo pa malire a Nyamapanda. Amayi akamva kuti atuluka, ankabwerera kunyumba kukaphika. Ulendo wa 1989 uja kalaliki anati abambo athu, a Kachingwe, analowa pa Zobue Lachiwiri. Mawa lake anati sanatuluke. Sabata yotsatira anati sanatulukebe. Tinkayenda wapansi kuchokera ku Ndirande m'mawa uliwonse, mpaka kalaliki uja anayamba kutseka zenera akationa tikubwera. Thupi silinapezeke, thiraki yomwe osaoneka. Amayi anakana maliro, anakana Misa, anakana duku lakuda kwa chaka chathunthu, ndipo anaonda mpaka mphete inkawavuka pochapa.

Matendawa awalanda zinthu zambiri. Dzina la Joel anaiwala, amangoti bambo aja otulutsa mabini. Mdzukulu wawo Tisungane nthawi zina amamutcha dzina langa. Koma zenera la ku depoti lija matenda sanalikhudze.

Tsopano mvera zimene unachita. Kumapeto kwa Juni unatumiza voisi: "Ndalowa mu Nebraska, six one two, four zero nine." Amayi anapemphera, anati wadutsa, anamwa tiyi wawo. Mawa lake kunali zii. Mkuja wake chimodzimodzi. Kenako unabwera uthenga, osati wochokera kwa iwe, koma kwa Dyness, m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno chija. Akuti mwaika kabokosi m'thiraki kamene kamawerenga kokha mamailosi a chigawo chilichonse, ndiye "we won't be needing you anymore, sis, God bless." Kumapeto anaikako kachithunzi ka manja opemphera. Iwe mwini wake pakamwa panakulemera kunena zikomo, unachita kutuma mkazi.

Kabokosi kako sindikudana nako. Ngati kamawerenga bwino kuposa ine, kawerenge. Ine ndinapuma, m'mawa ndimagonako pang'ono, ndipo sindidzaonanso chala chako pa lisiti. Koma kabokosiko sikalankhula ndi amayi.

M'mawa uliwonse ankatsika masitepe, kukhala pamalo pawo, n'kufunsa.

"Watuluka?"

"Amayi, Cuthbert ali bwino. Wangosintha njira yowerengera. Dzulo Dyness waika chithunzi ali kutchalitchi."

"Sindikufunsa za zithunzi. Analowa mu Nebraska. Watuluka?"

Nambala ija ankaitchula okha, six one two, four zero nine, munthu amene sakumbukira ngati wamwa mankhwala kapena ayi. Tiyi ankazizira m'kapu. Kenako anasiya chakudya chamasana. Ankati sangadye mwana ali m'manja mwa anthu.

Ukukumbukira kuti ndinakupempha uimbe pa vidiyo, ndipo unaimba. Chimenecho sindikukana. Unali m'nyumba mwako pa sofa, wameta mpala, wasunga ndevu, kumbuyo kuli phee. Amayi anakuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Moni bambo, muli bwanji?" n'kundibwezera foni mwaulemu. Ndinaona nkhope yako. Ndikudziwa kuti zinakupweteka, ndipo tsiku limenelo ndinakumvera chisoni. Koma ndinakuuza pomwepo kuti nkhope yako ya masiku ano saidziwa. Amene amamudziwa ndi mwana wawo wa m'thiraki, wa mawu osakanikirana ndi injini, wotchula chigawo ndi nambala. Ndinati bwerera ku mavoisi, sindikufunanso kuwerengera kanthu, ungotumiza chifukwa cha iwo. Iwe unayankha kuti chiyani? Mawu ako ndinawasunga.

"Ine ndili busy, Ursula. Munthu sakundidziwa n'komwe, ndiye ndizivutikiranji? Mawa aiwala zimenezo. That's what they do."

Pamenepo ndinakuuza kuti Dyness anakuvula thalauza n'kukuveka chitenje, ndiponso kuti abambo akanakhalapo akanakumenya ndi lamba wa fani. Iwe unandibuloka. Ngati ukudikira kuti ndipepese, upeze mpando wabwino, chifukwa nditakumana nawe lero ndikhoza kuwonjezerapo zina.

Amayi sanaiwale, Cuthbert. Mawa lake sanaiwale, mwezi wotsatira sanaiwale.

Usaganize kuti tinangokhala manja lende. Ndinafufuza m'foni mwanga ndi kupeza voisi yakale, ya Januwale, pamene unatuluka mu Nebraska kulowa mu Wyoming. Ndinawatsegulira m'mawa wina ndikunamizira kusangalala. Anamvetsera mutu uli pambali. Unali ndi chifuwa m'voisi imeneyo, unatsokomola pakati pa nambala. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija la ku Ndirande, limene linkatigwetsa mumtengo wa mango osalankhula.

"Chifuwa chimenechi chinapola kale. Ndinachipempherera ndine. Ukundiyesa mwana iwe?"

Joel nayenso anayesa, munthu wa Mulungu. Anakalowa mu kagalimoto kathu panja, kuliza injini, kutsitsa mawu ngati ako, n'kujambula kuti walowa mu Wyoming. Anabwereza kanayi kuti zimveke bwino, mpaka neba wathu anasuzumira pa mpanda. Amayi atamva anati, "Thiraki imeneyi ikudwala chiyani? Ikulira ngati makina osokera." Kenako anatembenukira kwa Joel amene anaimirira pakhomo ngati sakudziwa kanthu. "Inu bambo otulutsa mabini, musamasewere ndi zinthu za imfa." Joel anakhala masiku awiri osalowa m'khitchini amayi akakhalamo.

Ukhoza kuseka, ifenso tinaseka pang'ono. Koma mu Seputembala amayi anagwa m'bafa. Miyendo inangowakana. Anakhala sabata m'chipatala ali pa diripi, madokotala akunena kuti thupi lauma, ndipo matenda oiwalawa akafika pena munthu amasiya kudya. Dokotala wina wachitsikana, wachifundo ndithu, anandifunsa ngati kunyumba kwasintha chilichonse. Ndikanamuuza chiyani? Kuti mchimwene wanga anagula kabokosi? Ndinangoti ayi. Ine ntchito yanga ndi kudyetsa amayi a anthu ena, ndimadziwa kunyengerera nkhalamba yokana supuni, ndipo ku Citywest amanditama nazo. Amayi anga enieni ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kukhoma. Ndinakutukwana mumtima masiku amenewo, Cuthbert, ndi mawu amene sindingawalembe pano chifukwa mwina kalatayi idzagwa m'manja mwa ana ako.

Atatuluka m'chipatala, a Bambo Gerard anabwera kudzawapatsa Ukaristia. Sunawaonepo. Ndi wansembe wachikulire wa konkuno, anakhala zaka makumi atatu m'maparishi a kwathu, ndipo Chichewa chawo ndi cha m'mabuku akale, chimene amayi amachikonda. Kuno kuli mwambo wake. Novembala akamayandikira, parishi imagawa timaenvulopu tokhala ndi kapepala m'kati. Munthu amalembapo mayina a abale ake amene anamwalira, n'kumata, n'kukaponya m'dengu limene limakhala patsogolo pa guwa mwezi wonse, ndipo Misa zonse za mweziwo zimakhala zowapempherera. A Bambo Gerard anali ndi timaenvulopu timeneti m'thumba la jekete, ndipo anasiya kamodzi pa tebulo.

Amayi anafunsa kuti n'kachiyani. Atawafotokozera, anati ndiwapatse cholembera. Miyezi yambiri anali asanalembe kanthu, ngakhale dzina lawo. Analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, zilembo zikutsetsereka. Analemba Dennis Kachingwe, abambo. Analemba agogo aamuna ndi agogo aakazi. Kenako pansi pake analemba Cuthbert Kachingwe.

A Bambo Gerard anavula magalasi.

"Mayi, pepala ili ndi la iwo amene anatisiya. Mwana wanu ali moyo, Ursula wandiuza."

"Abambo, mwamuona inu?"

"Sindinamuone, koma..."

"Mwamumva?"

Wansembe anapukusa mutu. Amayi anapinda pepala lija bwinobwino.

"Bambo ake ndinawachedwetsa. Chaka chathunthu anagona kutchire popanda Misa ndi imodzi yomwe, chifukwa ine ndinkaumirira pa zenera. Uyu sindimuchedwetsa. Analowa, sanatuluke. Ndikudziwa mmene zimathera."

Anamata envulopu ndi malovu awo n'kundipatsa. Anati ndikaponye ndine, popeza iwo miyendo siwafikitsa kutsogolo.

Ndinaperekeza a Bambo Gerard mpaka pa geti. Ndinawafunsa ngati ndi tchimo kuponya dzina la munthu wamoyo m'dengu la akufa. Anaganiza kaye. Anati maenvulopuwo satsegulidwa ndi munthu, ndipo mapemphero a mwezi wathunthu sanaphepo aliyense. Koma anawonjezera kuti chimene chikuwadetsa nkhawa si dengu ayi, ndi mayi kuika m'manda mwana amene akupuma. Anati ndikulembere. Choncho ngati kalatayi yakukwiyitsa, theka la mkwiyo wako upereke kwa wansembe.

Tsopano ndikuuze chinthu chimene sichikundigonetsa. Nditabwerera m'nyumba ndinapeza amayi atavala duku lakuda, limene sindinkadziwa n'komwe kuti anabwera nalo kuno. Anati, "Ursula, muli chakudya m'nyumba muno?" Ndinawatenthetsera mpunga ndi nkhuku. Anadya mbale yonse, kuphwanya ndi mafupa omwe. Anapempha tiyi, anamwa ali wotentha. Tsiku limenelo anagona tulo tabwino koyamba chichokereni Juni.

Papita masabata awiri tsopano. Akudya katatu pa tsiku. Masaya ayamba kubwerera. Dzana anayenda ndi Tisungane mpaka pa shopu ya pakona osapumira. M'mawa satchulanso Nebraska. Amanena Tikuoneni Maria awiri, wina wa abambo, wina wako, n'kugwira kapu. Nesi amene amabwera kudzawaona anandiyamikira, anafunsa kuti tachita chiyani. Ndinalephera kumuuza kuti mankhwala amene achiritsa amayi ndi imfa yako.

Pali chinanso, ndipo ndichinena kamodzi kokha. Umadziwa wekha kuti m'nyumba mwathu mwana anali iwe. Ine ndinali manja. Ndinkatunga madzi, ndinkagulitsa mandasi kuti upite kusukulu imene unaithawa, ndinawatengera amayi kuno, ndimawasambitsa, ndimawadula zikhadabo. Zaka zonsezi m'mawa uliwonse ndakhala nawo tebulo limodzi, funso lawo loyamba lili lakuti wafika pati mwana, ngati amene wawathirira tiyiyo ndi wantchito. Lachinayi lapitali ndikuwapesa tsitsi anandigwira dzanja. Anati, "Watsala iwe wekha, mwana wanga. Usamadzitopetse choncho." Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, Cuthbert, ndipo sindikumbukira tsiku lina limene ananditchapo mwana wanga popanda kunditumiza kanthu. Ndinakalowa m'bafa kukalira, ndipo sikunali kulira kwa chisoni.

Ndiye usaganize kuti ndikukugwadira. Kalatayi ndinaiyamba Lachisanu, ndinaing'amba, ndinaiyambanso. Mbali ina ya mtima wanga ikuti siya zinthu zikhale momwe zilili. Amayi akudya, akugona, akundiona. Iwe ukudya bwino ku Indiana ndi kabokosi kako. Ndani akuvutika? Ndikanatha kungokhala chete, kuponya envulopu, ndipo iwe ukanadzamva tsiku lina kuti amayi anapita mwamtendere. Chimene chandiletsa n'chimodzi. Ndikudziwa kuti uli moyo, ndipo nthawi iliyonse akamakupempherera pamodzi ndi abambo ndimamva ngati ndagwira nawo khasu pokumba dzenje. Iwe sindikukukonda masiku ano, koma sindikufuna kukupha ndi manja anga usakudziwa. Ukhale wosankha ndiwe.

Envulopu ili m'chikwama changa cha kuntchito, m'kathumba ka zipi. Dengu likuikidwa Lamlungu loyamba la Novembala. Ndikudziwa kuti kumapeto kwa Okutobala ndi nthawi yotumiza mapepala a msonkho, ndiye pamene kabokosi kako kakukutulutsira manambala ake, ukumbukirenso za ife.

Ngati ukufuna kuuka, njira yake ndi iyi. Undichotse pa buloko. Ukafika pa chikwangwani cha malire alionse, kaya ndi Ohio kaya ndi kuti, injini ikulira, utumize voisi monga kale. Utchule chigawo chimene walowa ndi nambala yeniyeni ya pa mita, chifukwa ikakhala yochepera six one two, four zero nine akugwira bodza, ndawaona. Usawonjezere zopepesa, usalire, usaike Dyness kuti apereke moni. Chigawo ndi nambala basi. Ikafika ndidzawatsegulira, ndidzang'amba envulopu pamaso pawo, ndipo ndidzabwerera kukhala manja. Ndavomera zimenezo.

Koma mvetsetsa bwino gawo ili, chifukwa ndilo lenileni. Ukayamba, suyenera kusiyanso. Malire alionse, ulendo uliwonse, kufikira tsiku limene amayi adzatseke maso. Ukakhala pa holide uzinena, ndidziwe chowauza. Thiraki ikafa uzinena. Kwa iwe ndi nthawi yochepa kuposa imene umatha posankha soseji pa filingi siteshoni. Kwa iwo ndi kudya kapena kusadya. Thupi lawo lapirira Zobue, lapirira Nebraska, koma lachitatu silingathe, ndipo ine sindidzakhalanso pambali pa bedi la m'chipatala ndikuwanyengerera supuni chifukwa chakuti iwe watopa.

Ndiye dziyeze wekha. Ndimakudziwa, ndiwe munthu wa sabata ziwiri. Unayamba kwaya n'kusiya, unayamba sukulu ya umakaniko n'kusiya. Ngati ukudziwa mumtima mwako kuti utumiza katatu kenako n'kukhalanso busy, chonde usayambe. Khala chete monga wachitira miyezi inayi iyi, waonetsa kale kuti umatha. Ine ndidzaponya envulopu m'dengu, amayi adzakulira bwinobwino ngati mwana amene ankawakonda, ndipo adzakhala ndi mtendere umene iwe wamoyo walephera kuwapatsa. Zikatero usadzabwere pa Khirisimasi ndi kavoisi kamodzi ka chikumbumtima, chifukwa ndidzakafufuta ndisanakamvere. Ndikunenetsa, ndipo umandidziwa.

Pa laputopu tsamba lako la Juni likadali momwe linalili. Mzere womaliza ndi wa Nebraska, nambala yolowera ilipo, yotulukira palibe. Ndinafuna kulifufuta kangapo, koma sindikonda kutaya ntchito yosamaliza.

Joel akupereka moni, akuti iye alibe nawe mlandu kupatula manyazi amene anachita m'galimoto. Tisungane akuti "tell Uncle I said hi," ndipo ndakulembera momwe wanenera. A Bambo Gerard akuti akukupempherera pa mndandanda wa amoyo mpaka atamva zina. Ana ako uwapsompsone, iwo sanalakwe kanthu. Dyness umuuze kuti manja ake opemphera aja ndinawalandira.

Amayi ndinawauza kuti ndikulemba kalata ya ku America, ndipo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Anandifunsa kuti ku America tili ndi ndani.

Ndine mlongo wako amene akudziwabe kuti uli moyo,

Ursula